Fungo la Utaka

Chimene chinkamuvuta Omari linali belu. Njinga yokha inali itagona kale kuseri kwa chulu, ataifunditsa udzu ndi nthambi, koma akangoikhudza pang'ono chabe, ngilingili! Ngati ikuitana mudzi wonse kuti bwerani mudzaone. Anazula udzu wina n'kuuphatika m'kati mwa belumo mpaka linakhala chete. Ndiye tangoganizani, bambo wandevu zake, wagwada pa chulu dzuwa lili pamutu, akutseka njinga pakamwa ngati mwana wolira mu mzikiti.

Anaigula dzulo lake kwa Mmwenye ku Salima, yakuda bii, yonyezimira. Chinali chaka cha njala ija ya 1949, pamene utaka wouma unkagulidwa ngati mankhwala, ndipo Omari anali atakhala nyengo yonse ya usodzi pa chilumba cha Mbenji, kuyanika ndi kusunga, kuyanika ndi kusunga. Potuluka pachilumba anatsikira doko lina, osati la kwawo. Analunjika ku siteshoni ya njanji, anagulitsa mitanga yonse kupatula umodzi, anakwera njinga yake akuimba mluzu. Pa Khombedza anaima dala kuti anthu amuone bwino. Anamuonadi. Bambo wina wogulitsa fodya anamugwira dzanja nati, "Pepani Che Omari, zonse ndi za Allah. Tawaika dzana amayi anu."

Choncho m'mudzi analowa wapansi, mtanga uli pamutu. Mudziwo anatsala pang'ono kusauzindikira. Nkhuku panalibe ndi imodzi yomwe. Mango anali atathyoledwa akadali aang'ono, nthochi zitakumbidwa mpaka mizu. Amuna anali pa mikeka pansi pa mkuyu, amayi ali m'nyumba ya siwa, ndipo atamuona analira monga mwa mwambo, koma kunali kulira kopanda mphamvu, kwa anthu a m'mimba mopanda kanthu. Omari anatula mtanga nakhala pafupi ndi amalume ake, a Abdulkarim, mlongo wa malemuwo.

"Wachedwa, Omari."

"Uthenga sunandipeze, amalume."

"Tinatuma bwato ku Mbenji. Anati unatuluka kale."

"Ee, ndinali ndi kaulendo."

Palibe anafunsa za kaulendoko. M'malo mwake a Mwalimu Abbas, amene ankapempheretsa mu mzikiti, anatembenuka n'kumusisita paphewa.

"Usadandaule, mwana wanga. Iwe udindo wako unauchita. Mudzi wonse uno unkagona ndi njala, koma pakhomo pa amayi ako, Abiti Musa, madzulo alionse fungo la utaka lili guu! Mwana wotere ndi baraka, dalitso la Allah."

"Ine ndinkachita kusintha njira," anatero mkulu wina wopanda mano kumapeto kwa mkeka. "Pochokera ku swala kumzikiti ndinkadzera pano, kuti ndinunkhizeko. Ndikafika kunyumba ndimwere madzi."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro kobisa m'manja kuja. Omari anayang'ana mkeka. Anapeza kamlaza kosololoka n'kuyamba kukasolola.

Chifukwa zoona zake n'zakuti nsomba anatumiza kamodzi. Kamodzi kokha! Kadengu kakang'ono, mwezi umene anafika pachilumba. Kuchokera apo bwato likamapita kumtunda, anzake akulongeza mitanga ya akazi awo ndi amayi awo, iye ankati, "Zanga ndidzapita nazo ndekha, za m'manja mwa anthu zimachepa panjira." Mbiri ya njala ankaimva ndithu, koma njala ya m'makutu siluma. Tsiku lina mnzake anabwera ndi uthenga kuti amayi ako akuti zikomo kwambiri chifukwa cha nsomba zimene ukutumiza. Omari anaseka, nati amayi ndi nthabwala zawo, akundinyoza mwaulemu. Analonjeza mumtima kuti ulendo wotsatira atumiza. Ulendo wotsatirawo mtengo wa utaka unakweranso.

Nanga tsono fungo limene ankanena akuluakuluwa linali la chiyani?

Asanalipeze yankho anaona dzanja likumukodola kuseri kwa nkhokwe. Anali achemwali ake, a Tausi, atabereka mwana wawo wotsiriza, Idi. Maso awo anali ofiira psuu, ndipo si kulira kokha kumene kunawafiiritsa.

"Mkazi wako wamuona?"

"Ayi achemwali, ndangofika kumene."

"Usapiteko. Yamba wamva." Anatsitsa mawu. "Ine ndinalipo posambitsa. Omari, miyendo ya amayi inali ngati mitondo. Ukadina ndi chala, dzenje limatsala pomwepo. Nkhope yotupa, khungu likusupuka, chonsecho m'mwambamu muli mafupa okhaokha. N'chifukwa chake ankavala nsalu yokwekwereza pansi masiku onsewa, kuti tisaone. Amayi osambitsa aja anangoyang'anana."

"Njala mwina," anatero Omari, kamawu kake ngati ka udzudzu.

"Njala? Pakhomo pa nsomba? Akanatupa awo akudya mizu ya nthochiwo ndikanamva. Koma amayi athu, iwe ukutumiza utaka mwezi ndi mwezi? Usandiseketse pamaliro. Uwu ndi mdulo."

Mdulo sausowa munthu kuudziwa. Mwamuna akakhala paulendo, mkazi n'kugona ndi wina, kenako n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo ndi manja omwewo, amene wadya ndiwozo amati wadulidwa. Amatupa miyendo, amatupa nkhope, n'kupita. Ndipo pakhomo pa Abiti Musa wothira mchere anali mmodzi yekha, mkazi wa Omari, Zuleka, mtengwa wochokera ku Chitala, wopanda mbale ngakhale mmodzi kunyanja kuno.

A Tausi anamasula nsalu n'kutembenuzira mwana kutsogolo. "Taona."

Timapazi ta Idi tinali totupa ngati timikate, tsitsi lake lofiirira, lofewa ngati ndevu za chimanga. Sanalire, anangomuyang'ana Omari ndi maso a nkhalamba.

"Ana anga ankadya kuno tsiku ndi tsiku. Ndinkati kwa agogo awo kuli nsomba, apite. Ndinkadziwa ine kuti ndikuwatumiza ku manja a hule?" Anamanganso nsaluyo mwamphamvu. "Mawa ikatha sadaka amalume akhala naye pansi. Avomere, atchule dzina la mwamunayo, ammwetse mwana wanga mankhwala ndi dzanja lake, kuti amasuke. Akatero anyamule tinsalu take azipita ku Chitala. Iwe ntchito yako ndi kunena mawu a talaka, omusudzula, basi."

Pakamwa Omari anatsegula ndithu, tisamunamizire. Koma asanatulutse mawu, mumtima mwake munalowa kanthu kena konyansa, kozizira bwino ngati madzi a mumtsuko. Mlandu unali utapeza mwini wake, ndipo mwiniyo sanali iye. Anatseka pakamwa paja.

Anadikira mpaka amuna atapita ku swala ya masana, ndiye anazembera kuseri kwa nyumba. Zuleka anali atakhala yekha pa mtondo wogona, mwana wawo Salma ali m'tulo pamiyendo. Chiikire maliro anali atamuletsa kukhudza mphika, mtsuko, ngakhale chipande. Chibangili chimene kale chinkamuthina padzanja tsopano chinali chitatsetserekera m'chigongono.

"Mwabwera, bambo a Salma."

"Ndabwera."

Anakhala chonjuta patali pang'ono. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana mafuwa ozizira, anayang'ana paliponse kupatula nkhope ya mkazi wake.

"Anthu akuti pano panali nsomba."

Zuleka anaseka ndi mphuno. "Panali fungo."

"Fungo bwanji?"

"Kadengu kanu kaja tinadya, kanatha. Mitu yake amayi anati tisataye, anaisunga m'kamphika kudenga. Ndiye madzulo alionse ankatenga mutu umodzi, kuuika pa makala, n'kumakupiza ndi lichero kuti utsi upite kunjira. Mphepo ikalowera kunyanja ankadikira itembenuke kaye, ati mutu ungapite pachabe, nyanja siyamika." Anamuingitsa ntchentche Salma. "Mitu itatha tinayamba minga ndi mamba. Zitatha izo anayamba kuwotcha dengu lenilenilo, kabango kamodzikamodzi, poti linali litamwa fungo."

Omari anamva ngati wina wamuthira mchenga wotentha m'malaya.

"Chifukwa chiyani?"

"Ankati mwana wanga asatukwanidwe padoko."

"Nanga inu mumadya chiyani?"

"Gaga wa ganyu. Mango aawisi ophika. Mizu ya nthochi, imene ija imakanda pakhosi. Koma fungolo linatiitanira alendo. Ana a achemwali anu akangolimva, awo ali pakhomo ndi timbale tawo. Amayi ankapera mutu wopserera uja n'kuwaza pa phala la gaga, anawo n'kumakauza amayi awo kuti lero tadya nsomba." Anamuyang'ana tsopano. "Mchere pakhomo pano unatha mwezi wa Ramadani, bambo a Salma. Ndinawadula ndi mchere uti?"

"Ndiye bwanji sunawauze achemwali?"

"Ndikanena za mchere afunsa za nsomba. Amayi anandigwira dzanja tsiku lomaliza, anandilumbiritsa Wallahi kuti za dengu zisatuluke pakamwa panga. Ine ndinalumbira. Ndinkadziwa kuti osambitsa adzaona miyendo?"

Apa ndiye pamene mwamuna weniweni akanaimirira. Omari sanaimirire. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba mizere pansi.

"Amake Salma. Bwanji mawa ungokhala chete? Upite ku Chitala pang'ono, zinthu zizizire. Anthu amaiwala. Mvula ikagwa ndidzabwera kudzakutenga, ndidzabwera pa..." Anatsala pang'ono kunena kuti pa njinga. Anatsokomola.

Zuleka sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Kwathu akakandifunsa chandibweza, ndikati chiyani? Salma akadzakula anzake adzamuitana mwana wa ndani?"

Omari anapitiriza mizere yake.

"Ku Mbenji mwabwera ndi chiyani?"

"Mtanga umodzi."

"Nyengo yonseyi?"

"Nyanja inavuta chaka chino."

"Oo. Pepani." Anamuyang'ana miyendo. "Buluku lanu mwapinda mwendo umodzi."

Omari anayang'ana pansi. Zoonadi, mwendo wakumanja unali wopindidwa mpaka m'bondo, mmene amachitira anthu a njinga poopa tcheni. Anali atayenda nawo choncho mudzi wonse, wakhala nawo pa mkeka pakati pa akuluakulu! Anautsitsa msangamsanga, ndipo atadzutsa mutu anapeza mkazi wake akuyang'ana kumbali, ngati mmene umachitira ukapeza munthu wamkulu akusamba.

M'mawa mwake anapita kumanda ndi amuna anzake, anaimika manja pa dua yopempherera malemu, koma mawu onse anamuthawa. Pobwerako sadaka inali itapsa. Anaphika mtanga wake uja, ndi kampunga kamene amalume anali atasungira mbewu. Anthu anadya mwakachetechete, mofulumira, ena akubisa kansomba m'nsalu kuti akapatse ana. Mkulu wopanda mano uja ananyambita zala nati, "Omari wawadyetsa amayi ake ali moyo, akuwadyetsanso atapita." Omari anali ndi kautaka kamodzi m'kamwa. Anakatafuna, anakatafuna, mpaka anthu onse anamaliza kudya.

Alendo atabalalika, a pabanja anasonkhana pakhonde. Panali amalume, a Mwalimu, a Tausi, amayi awiri osambitsa maliro aja, ndi ena amene anangotsalira ati akufuna nsapato zawo. Zuleka anamukhazika padothi, padzuwa. Patsogolo pake anaika chikho cha mankhwala a mizu, atathiramo kamchere kopempha.

A Abdulkarim sanali munthu waukali. Anali wotopa chabe, ndipo analankhula ngati munthu amene akufuna zithe akagone.

"Mwana wanga, ife kuno sitimenya munthu. Mlongo wanga wapita, sabwerera. Koma pali mwana uyu. Ngati unalakwa, nena, ummwetse, Allah ndi wokhululuka."

Zuleka anangowayang'ana m'maso.

"Tamuonani!" anakuwa a Tausi. "Maso gwa! Unkaganiza kuti sitidziwa? Mwamuna wako akuwauka ndi dzuwa pachilumba kuti iwe udye, iwe uli kalikiliki ndi amuna a eni! Akwanu ku Chitala ndi mmene anakulangira?"



Kenako a Tausi anachita chimene palibe ankayembekezera. Anatsika pakhonde, anamasula Idi, anamukhazika padothi, iwo n'kugwada pamaso pa mlamu wawo mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda pansi.

"Mlamu, ndakugwira mwendo. Zotukwana zija ndabweza. Sindikufunanso kudziwa kuti ndi ndani. Uyu yekha, mlamu. Ndinaika kale mmodzi chaka chatha. Uyu yekha undisiyire."

Zuleka anayang'ana mwana uja nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwamuna wake. Omari anali akuyang'anitsitsa zala za kumapazi kwake ngati waziona koyamba.

"Ngati zingamuchiritse," anatero Zuleka, "bweretsani."

Anatambasula dzanja n'kunyamula chikho chija. Pakhonde ponse panamveka "Hii!" Mmodzi wa osambitsa anawomba m'manja kamodzi, nati, "Ndinanena ine." Kutenga chikho ndiko kuvomera, aliyense ankadziwa.

"Dzina!" anatero wina.

"Dzina ndilibe."

A Abdulkarim anapuma mozama, natembenukira kwa Omari. "Wadzionera wekha. Nena mawu ako, timalize."

Omari anaimirira. Anthu anadikira talaka. Iye anangotembenuka n'kuyamba kuyenda, kudutsa mkuyu, kudutsa mzikiti, kulowera njira ya ku Khombedza.

"Wapita kukalira, msiyeni," anatero a Mwalimu.

"Kapena kukatenga chikwanje," inatero nkhalamba ina, ikusendera kumene ingaonere bwino.

Iyenso mwini wake sankadziwa chimene wapitira. Atafika pa chulu anafukula njinga ija n'kuiimika. Njira inali pomwepo, yoyera, yolunjika ku Khombedza, ndipo kuchokera pa Khombedza munthu wa njinga amafika kulikonse. Anaika phazi pa chopalasira ndithu. Anaima choncho, phazi limodzi m'mwamba ngati kakowa, ndipo chimene chinamubwerera m'maso si amayi ake, si Idi, koma chikho chija chili m'dzanja lopyapyala, chibangili chili m'chigongono. Anatsitsa phazi.

Ngakhale pobwerera anayesabe kuiyendetsa mwakachetechete, munthu ndi munthu basi. Koma udzu uja unali utagwa m'belu, ndipo njira ya kumudzi kwawo ndi ya mabampu. Ngili! Ngilingili! Ana anatuluka m'nyumba zonse, ndi njala yawo yomweyo, kumuthamangira pambuyo akukuwa kuti njinga, njinga! Analowa nawo pabwalo la maliro ngati mkwati.

Anaigoneka pansi pakati pa khonde ndi mkazi wake. Tayala lakumbuyo linapitiriza kuzungulira lokha.

"Amalume," anatero, "utaka wa amayi ndi uwu."

Palibe anamvetsa, ndiye anayenera kunena zonse, ndi pakamwa pake, dzuwa likuswa mtengo. Kuti anatumiza kamodzi. Kuti za njala anamva. Kuti mitanga yonse anakagulitsa ku njanji. Za mitu, za minga, za dengu, za mchere umene unatha mwezi wa Ramadani. Pofika pa zimene anamupempha mkazi wake dzulo kuseri kwa nyumba anazinena akuyang'ana tcheni.

Zuleka anaika chikho pansi. Anatembenukira kumene kuli manda nanena mokweza, ngati akuuza munthu wogontha pang'ono, "Amayi, mwamva nokha. Ine sindinanene."

Kenako kumbuyo kunamveka mawu a mkulu wopanda mano uja, amene anali akufunabe nsapato zake.

"Ndiye kuti ine masiku onse aja ndinkanunkhiza dengu?"

Wina anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi kofia. Omari analakalaka akanamumenya mbama m'malo mwake.

"Komatu kutupa kuja ife tinakuona," anatero mmodzi wa osambitsa, wosafuna kugonja. "Njala imawondetsa, situpitsa."

A Abdulkarim anagwira mkanjo wawo m'munsi n'kuukweza pang'onopang'ono mpaka m'mawondo. Akakolo awo anali otupa, onyezimira. Anadina ndi chala chachikulu, ndipo dzenje linatsala pomwepo, aliyense akuona.

"Ine mkazi wanga anamwalira nkhondo ya Hitila isanayambe. Ndimadziphikira ndekha. Wandidula ndani?" Anatsitsa mkanjo. "Ndinabisa, poopa kuti mudzati chiyani. Ndipo ndinakhala pano kuweruza mwana wa eni ndi miyendo imeneyi." Anayang'ana njinga ija ngati akuyang'ana nyama yofa yokha. "Chinthu ichi chichoke pakhomo pa mlongo wanga. Chibwerere kumene chinachokera, chibwere kuno chili ufa ndi mtedza. Talaka palibe, pokhapokha mwini wakeyu akaifuna yekha."

Onse anayang'ana Zuleka. Iye sananene kuti akuifuna, sananenenso kuti sakuifuna. Anadzuka, anasansa nsalu, anathira mankhwala aja patsinde pa mkuyu, n'kufunsa ngati pa sadaka patsala utaka. Unatsala wodzaza dzanja. Anapita nawo kuseri kwa nyumba, ndipo palibe amene anamuletsa kukhudza mtondo.

Anthu anabalalika msanga, aliyense nsapato zake zitapezeka mwadzidzidzi. Omari anadzutsa njinga kuti azipita ku Salima, koma miyendo inamufikitsa pa ngodya ya nyumba n'kuima. Anaona mkazi wake akusinja utaka uja mpaka unasanduka ufa, n'kuuthira m'phala la mpunga wotsala. A Tausi anali atakhala chapatali, Idi ali pamiyendo, mutu uli pansi. Anakhala choncho mpaka phala linapsa.

"Mlamu," anatero potsiriza, osadzutsa mutu. "Ana anga ankadya gawo la ndani?"

Zuleka anapakula phala m'mbale.

"Koma amayi ine ndinkawaona akudya," anapitiriza a Tausi, ngati akudandaulira woweruza. "Ndikabwera kudzatenga ana ndinkawapeza akutafuna. Ndi maso angawa, mlamu."

Zuleka anaika mbale ya phala pakati pawo. Anatenga ina yopanda kanthu, anakhala pansi, anapinda miyendo mbali imodzi, natembenuka pang'ono kuwapatsa phewa, mmene ankachitira malemu. Anatsina m'mbale yopanda kanthu ija, anaumba m'dzanja, anasunsa, anaponya m'kamwa. Anatafuna mofatsa, mutu utapendekera kumanzere. Anaima, anachotsa kaminga kosaoneka pa lilime, anakayang'ana mokwiya, anakataya. Ananyambita zala chimodzichimodzi mpaka chachikulu, kenako anadzigunda pachifuwa n'kugeya, kugeya kwenikweni, kwa munthu amene wadya chambo chonse yekha.

"Alhamdulillah," anatero ndi mawu okalamba, okoka. "Koma Omari adzatipha ndi nsomba chaka chino."

A Tausi anaseka. Sanafune, koma anali amayi awo enieni, mpaka kapendekedwe ka mutu, ndipo anaseka mpaka kusekako kunathyoka pakati n'kusanduka china. Pa ngodya paja Omari anagwira belu ndi dzanja lonse kuti lisalire.

Zuleka sanatembenuke. Akadali chopereka phewa, anatambasula dzanja kumbuyo n'kukankhira mbale yodzaza ija kwa mwana, ndi chala chimodzi, osayang'anako, ngati munthu amene wakhuta.